Ulendo wa ku Ontario, kwa eni nthaka amene mitsinje yawo inathiridwa poizoni

Lachisanu, ku Hamilton

Hamilton ndi tauni ya zitsulo m'chigawo cha Ontario, ku Canada. Ukamatsika chitunda kulowera kunyanja ya Ontario, maso amayamba kugwera pa machumuni a mafakitale a Dofasco ndi Stelco, ndipo alamu anga akuti mphepo ikatembenuka, mphuno ndiyo imayamba kudziwa. Ndafikira kwa achemwali anga, amene akhalitsa kuno pa ntchito ya unamwino. Amuna awo ndi a ku Zambia, anabadwira ku Kabwe.

Usiku uno pa nsima panabuka mkangano. Mu 2014, pa chipatala cha ana cha McMaster m'tauni momwe muno, panali atsikana awiri a zaka 11, onse odwala khansa ya m'magazi, onse ochokera m'mitundu ya eni nthaka a dziko lino. Mmodzi anali wa mtundu wa Mississauga, wina wa ku Six Nations, dera la mitundu isanu ndi umodzi ya eni nthaka. Onse anayamba kulandira chemo, mankhwala amphamvu a kuchipatala olimbana ndi khansa, onse anasiyira panjira, makolo atanena kuti akayesa mankhwala a makolo awo. Wa ku Mississauga uja anamwalira mu Januwale 2015.

Achemwali sanafune n'komwe kumva mbali ina. "Achimwene, khansa imeneyo imachizika. Madokotala anawauza a ku Six Nations aja kuti mwayi wochira unali woposa 90 pa 100 alionse. Mayi wanzeru angauthawe mwayi wotero?" Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza, poti ndimomwe ndimaganizira. Alamu anangoseka pang'ono, n'kunena kuti, "Alamu, musanaweruze, tiyeni mukaone kaye kumene anthuwa amakhala, madzi amene amamwa, ndi zimene boma ndi madokotala anawachitapo." Mawa tinyamuka.

Loweruka, ku Brantford ndi ku Ohsweken

Brantford si patali ndi Hamilton. Tinayamba taima panja pa nyumba yaikulu ya njerwa zofiira, imene kale inali Mohawk Institute, sukulu yogonera komweko ya mpingo wa Anglican. Inatsekedwa mu 1970. Ana ankachotsedwa kwa makolo n'kubweretsedwa kuno kuti aiwale chilankhulo ndi miyambo yawo, ndipo akalankhula chakwawo ankamenyedwa. Boma litasiya nyumbayi, opulumuka ambiri anakana kuti igwetsedwe. Anati ikhale umboni. Pano malowa ali m'manja mwa Woodland Cultural Centre. Ndinawerengera m'mutu: mwana amene anatulukamo mu 1970 lero ndi agogo ake a munthu, ndipo akadali moyo. Ndiye mayi wa ku Six Nations akamva kuti a boma oona za ana akhoza kudzam'landa mwana "pofuna kumuthandiza", mawu amenewo si achilendo pakhomo pake.

Mlandu wa mtsikana wa ku Six Nations unazengedwa m'tauni yomweyi. Chipatala chinapempha bungwe loona za ana kuti limutenge mwanayo abwerere pa chemo. Bungwelo linakana, chipatala n'kupita kukhoti. Mu Novembala 2014, woweruza Gethin Edward, amenenso ndi wa ku Six Nations, anagamula kuti mayiyo ali ndi ufulu wotsata mankhwala a makolo ake, ndipo ufuluwo ukutetezedwa ndi gawo 35 la malamulo aakulu a Canada a 1982. Dziko linagawanika pakati. Ena anaimba nthungululu, ena anati woweruza wasainira imfa ya mwana.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mabanja onse awiri anapitanso ku Florida, ku malo otchedwa Hippocrates Health Institute, kumene odwala amalipira ndalama zambiri n'kumadyetsedwa masamba osaphika ndi timadziti ta msipu wa tirigu. Mkulu wa malowo, Brian Clement, analibe chiphaso cha udokotala. Pamenepo panalibe chilichonse cha makolo a Amohawk, umodzi mwa mitundu ya ku Six Nations. Ife amene tikukumbukira 1995, khamu la anthu likuthamangira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe poti amati umachiza Edzi, tikudziwa kuti munthu wothedwa nzeru sasowa womugulitsa chiyembekezo.

Nkhaniyo inathera pena. Mu Marichi 2015 khansa ya mtsikana wa ku Six Nations uja inabwereranso, banja linavomera chemo, koma pamodzi ndi mankhwala a makolo awo, ndipo madokotala ndi asing'anga anakhala pagulu limodzi. Mwezi wotsatira woweruza anaonjezera pa chigamulo chake kuti ubwino wa mwana ndiwo uyenera kukhala patsogolo nthawi zonse. Zimenezi zikanatheka pachiyambi pomwe, anthu akanakhala pansi asanathamangire kukhoti.

Masana tinadutsa ku Ohsweken, likulu la Six Nations. Mitundu yake ndi Mohawk, Oneida, Onondaga, Cayuga, Seneca ndi Tuscarora. Mu 1784 bwanamkubwa Haldimand anawapatsa malo a mamailosi 6 mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Grand, kuyambira kugwero mpaka kumatsiriro. Lero atsala ndi kachigawo kochepa chabe. Makomo ambiri kuno alibe madzi a m'mipopi ochokera kumalo oyeretsera madzi, amadalira zitsime ndi madzi obwera pa galimoto, pomwe Toronto ali kufupi konkuno. Ali ndi nyumba yawoyawo yochilira amayi, kumene azamba awo amagwiritsa ntchito nzeru za kusukulu ndi za makolo pamodzi. Sindinaone anthu odana ndi chipatala.

Lamulungu, pamsewu wa ku Sarnia

Minda ya chimanga ndi soya yokhayokha, dziko lathyathyathya. Tinapatukira ku Oil Springs, kamudzi kamene mu 1858 kanakumbidwa chitsime cha mafuta chimene a ku Canada amati n'choyamba chamalonda ku North America konse. Mafakitale a ku Sarnia anayambira pamenepo. Madzulo tinadya tchipisi pansi pa mlatho wa Blue Water, tikuyang'ana tsidya ku Port Huron, ku Michigan. Madzi a mtsinje wa St. Clair ndi obiriwira mokongola, moti munthu sangaganize kuti mu 1985 pansi pake panapezeka chiphala cha mankhwala otayika ku fakitale ya Dow.

Lolemba, ku Aamjiwnaang

Nthawi ya 12:30 masana masayirini analira. Ndinadzidzimuka, koma palibe wina anatembenuka. Amawayesa Lolemba lililonse. Akalira tsiku lina, ndiye kuti kwinakwake kwatayika mpweya woipa, anthu alowe m'nyumba, atseke mawindo ndi zitseko.

Aamjiwnaang ndi mudzi wa anthu a mtundu wa Anishinaabe, kummwera kwa Sarnia. Dera lonselo limatchedwa Chemical Valley, ndipo kumeneku kuli pafupifupi gawo la 40 pa 100 la mafakitale a makemikolo a dziko la Canada: Imperial Oil, Suncor, Shell, Nova Chemicals ndi ena ambirimbiri. Mudziwo uli pakati penipeni. Pangano la 1827 linawasiyira maekala oposa 10,000, pano atsala ndi pafupifupi 3,000, ndipo pambiri pa malo amene anachoka m'manja mwawo paima matanki ndi mapaipi. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, mu 1942, boma linakhazikitsa kuno Polymer Corporation yopanga labala, ndipo dziko linanyadira kwambiri moti chithunzi cha fakitaleyo chinaikidwa kuseri kwa ndalama ya madola 10 ya 1971. Pa chithunzicho palibe nyumba ya munthu.

Tinayenda pang'onopang'ono m'misewu ya aliyense, osalowa pakhomo pa munthu. Manda a mudziwu achita kupanikizidwa ndi mpanda wa Suncor. Oika maliro amalira phokoso la makina lili m'makutu. Kamtsinje ka Talfourd, kamene kamadutsa m'mudzimo, kali ndi chikwangwani choletsa anthu kulowamo chifukwa cha poizoni. Tsidya la msewu kuchokera pa ofesi ya mudzi ndi bwalo la masewera pali fakitale ya INEOS Styrolution. Fungo lake silichoka msanga pakhosi. Alamu anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Kwathu kunalibe ndi chikwangwani chomwe. Tinkasewera pa mulu wa zotsalira za mgodi." Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana kumeneko akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo mlandu umene anthu anasumira kampani ya migodi ya Anglo American ku South Africa mu 2020 wakhala ukungokokeka.

Chimene chandigwira mtima kuno ndi momwe anthu wamba anadzisandutsira ofufuza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi Ada Lockridge anayamba kulemba pa kalendala tsiku lililonse limene kwatayika mankhwala kapena kwamveka fungo lachilendo. Ankatapa mpweya ndi chipangizo chopangidwa ndi ndowa n'kuutumiza kokayeza. Ankayenda khomo ndi khomo ndi mapepala ojambulidwa thupi la munthu, anthu n'kumamata timadontho pamene pakuwapweteka: chifuwa cha mphumu, mutu, kupita padera, khansa. Anthu a m'mudzimo ndiwo anayamba kuona kuti matimu a mpira a atsikana akuchuluka kuposa a anyamata. Atawerenga m'kaundula wa obadwa, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2005 anasonyeza kuti pakati pa 1999 ndi 2003, mwa ana atatu alionse obadwa, mmodzi yekha ndiye anali wamwamuna. Mu 2010 mayiwa ndi Ron Plain anatengera boma la Ontario kukhoti, ponena kuti limapereka zilolezo kwa fakitale iliyonse payokha, osawerengera utsi wa mafakitale onse pamodzi, pomwe mapapo a munthu amaupuma wonse. Achinyamata, monga Vanessa ndi Beze Gray, akhala akutsogolera maulendo otchedwa Toxic Tour, kuyendetsa alendo kuti adzionere ndi kudzinunkhira okha.

Mu Epulo 2024 makina oyeza mpweya anasonyeza benzene wokwera kwambiri. Benzene amadziwika bwino kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Anthu anadwala mutu ndi nseru, ena anathamangira kuchipatala, ofesi ya mudzi inatsekedwa, ndipo atsogoleri analengeza kuti mudzi uli pangozi. Pa nthawi imeneyi boma la Ontario linaimitsa chilolezo cha INEOS, ndipo mu Juni kampaniyo inalengeza kuti fakitaleyo idzatsekedweratu, ngakhale inati chifukwa chake ndi malonda. Fakitale imodzi. Enawo akufukabe.

Usiku uno ndawaimbira achemwali. Ndawauza kuti maganizo anga pa chemo sanasinthe, koma kuti pali chinthu chosalongosoka pamene dziko limodzimodzilo lifulumira kupita kukhoti kuti lipulumutse mwana mmodzi ku khansa ya m'magazi, pomwe linatenga zaka makumi kuti liletse benzene pafupi ndi bwalo losewerera ana. Iwo anati chipatala si boma, ndipo dokotala amaona mwana amene ali patsogolo pake. Sakunama.

Lachinayi, ku Kenora

Ndege mpaka Winnipeg, kenaka galimoto kulowera kummawa, kubwereranso m'chigawo cha Ontario. Alamu atsala ku ntchito. Ndili ndi mayi wina mnzawo wa achemwali, namwino amene wagwira ntchito nthawi yaitali m'midzi ya kumpoto kuno. Dziko lasintha: miyala, mitengo ya paini, nyanja paliponse. Kenora ili m'mbali mwa Lake of the Woods, ndipo m'chilimwe imadzaza ndi alendo odzawedza.

Kunonso kunali sukulu ziwiri zogonera komweko, Cecilia Jeffrey ndi St. Mary's. Zonse zinali m'gulu la sukulu zimene akatswiri a boma anachitirako kafukufuku wa zakudya pakati pa 1948 ndi 1952, pa ana anjala, makolo osauzidwa. Ana ena ankapatsidwa mavitamini, ena ankamanidwa dala kuti pakhale poyerekezera, ndipo ena analetsedwa chithandizo cha mano kuti zotsatira zisasokonekere. Katswiri wa mbiri yakale Ian Mosby ndiye anaulula zimenezi mu 2013, chaka chimodzi chokha atsikana a ku McMaster aja asanadwale. Mayi amene ndili nawo anandikumbutsanso za Brian Sinclair, bambo wa mtundu wa eni nthaka amene mu 2008 anamwalira pa njinga yake ya olumala m'chipinda chodikirira cha chipatala cha ku Winnipeg, atakhalapo maola 34 osaonedwa, ogwira ntchito akuganiza kuti waledzera kapena wangobwera kudzagona. Matenda ake anali ochizika.

Lachisanu, ku Dryden

Fakitale ya mapepala ya ku Dryden imaonekera kutali, yakhala m'mbali mwenimweni mwa mtsinje wa Wabigoon. Eni ake asinthasintha, koma ikugwirabe ntchito. Pakati pa 1962 ndi 1970, nthambi yake yopanga chlorine woyeretsera mapepala, pansi pa kampani ya Reed, inataya makilogalamu pafupifupi 9,000 a mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, mumtsinjewu. Mercury akakhazikika m'matope, tizilombo ta m'matopemo timamusandutsa methylmercury, amene amalowa m'tinsomba, tinsombato n'kudyedwa ndi nsomba zazikulu, poizoni n'kumaunjikana. Pofika pa nsomba ya walleye, imene ndiyo ndiwo ya anthu a kumunsi kwa mtsinje, amakhala atachuluka kwambiri. Nsombayo sinunkha, sisintha maonekedwe, imakoma monga kale.

Mu 2024 akatswiri a ku Western University anapeza kuti madzi amene fakitaleyi imataya masiku ano, ngakhale alibe mercury, ali ndi sulphate amene amadyetsa tizilombo tija, motero poizoni wakaleyo akusandulika mwachangu kuposa mmene zikanakhalira. Ndinaima pamlatho n'kuyang'ana madzi akuderawo akulowera kumadzulo. Anthu a m'tauni amadutsa ndi makapu a khofi. Ambiri a iwo chakudya chawo chimachokera pafakitale pomwepo, ndipo sindingawaone ngati adani a munthu.

Loweruka, ku Grassy Narrows

Msewu wochokera ku Kenora ndi wokhotakhota, makilomita osachepera 80 m'nkhalango. Eni ake amautcha mudziwu Asubpeeschoseewagong. Ndinalowa ngati wonyamula zikwama wa mayi aja, ndipo sindinajambule munthu.

Mu 1970 boma litatseka usodzi wamalonda, mudziwu ndi unzake wa Wabaseemoong inataya zonse nthawi imodzi. Amuna ambiri anali asodzi kapena operekeza alendo odzawedza, ndipo operekezawo ankadya nsomba tsiku lililonse pa ntchito. Ntchito zinatha, matenda anatsala: dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kunjenjemera, kudzandira poyenda, maso kumaona zapatsogolo zokha, makutu kugontha, lilime kulemera. Poizoniyu amadutsanso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ndiye akudwala ndi amene anabadwa kutaya kuja kutalekeka kalekale.

Amene anawakhulupirira poyamba anachokera kutali. Dokotala Masazumi Harada wa ku Japan, amene ankathandiza odwala a ku Minamata, tauni ya kwawo imene anthu ake anagwidwanso ndi poizoni wa mercury, anafika kuno mu 1975, ndipo anthu a kuno anapitanso ku Minamata chaka chomwecho. Harada ankabwerabe mpaka ukalamba wake, ndipo gulu lake linanena mu 2016 kuti pafupifupi 90 pa 100 alionse a anthu amene anayezedwa anali ndi zizindikiro za poizoniyu. Kuno kwawo, bungwe la Mercury Disability Board, limene linakhazikitsidwa mu 1986, linkabweza ambiri mwa opempha chipukutamisozi, ndipo opatsidwawo ankalandira pakati pa madola 250 ndi 800 pamwezi, ndalama zimene sizinakwezedwe mpaka 2018.

Apa ndiye nkhani ija ya "anthu okana chipatala" imasanduka chipongwe. Anthu awa athera moyo wawo akupempha chipatala. Mfumu yakale Steve Fobister inanyanyala kudya pa bwalo la nyumba ya malamulo ku Toronto mu 2014, ikufuna nyumba yosamalira odwala mercury m'mudzi momwemo, kuti okalamba asamakafere kutali ndi abale. Inamwalira mu 2018 isanaione. Mu 2019 munthu wina atamukumbutsa Justin Trudeau, nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, za nkhaniyi pa phwando losonkhetsa ndalama za chipani, iye anamuyankha momuseka pomuthokoza chifukwa cha chopereka chake, ndipo m'mawa mwake anapepesa. Pangano lomanga nyumbayo linasainidwa mu 2020, ntchito n'kudzayamba mu 2025. Boma la Ontario linaika padera madola 85 miliyoni mu 2017 kuti mtsinje uyeretsedwe, koma matope a mercury akadali pansi pa madzi. Mu Juni 2024 mudziwu unasumira maboma onse awiri, la Ontario ndi la dziko lonse la Canada.

Pobwerera tinaima pafupi ndi Slant Lake, pamene mu Disembala 2002 achinyamata ndi amayi anagona pamsewu kutchinga malole odula mitengo. Mayi Judy Da Silva ndi mmodzi mwa amene akhala patsogolo kuyambira nthawi imeneyo, ngakhale nawonso thupi linagwidwa ndi mercury. Kudula nkhalango yonse nthawi imodzi kumakokolola mercury wa m'nthaka kupita m'madzi, ndiye kwa iwo nkhondo ya mitengo ndi ya nsomba ndi imodzi. Kampani yaikulu imene inkadula kuno inachoka mu 2008.

Ndinawafunsa mayi aja chimene amawauza odwala pa za nsomba. Anapuma kaye. Anati kuuza munthu kuti asiye nsomba n'kosavuta ukakhala ndi malipiro a boma. M'sitolo zakudya n'zodula, zotsika mtengo ndi zimene zikubweretsa matenda a shuga, ndipo agogo amene anakulira pa walleye sangamve kuti wadya popanda iyo. Amangowalangiza za nyanja zimene zili kunja kwa mtsinje woipawo, za kusankha nsomba zazing'ono, ndi kuti amayi oyembekezera ndi ana asamale koposa. Ena amamva, ena ayi. Anandiuzanso za chipatala cha Meno Ya Win ku Sioux Lookout, kumene odwala amatha kupatsidwa nyama ya m'tchire ndi nsomba zophikidwa mwa kwawo, kuli omasulira zilankhulo zawo, ndipo akulu odziwa mankhwala a makolo amalowa m'mawodi poyera. Anati wodwala amene waonana ndi mkulu wa kwawo m'mawa savuta kumwa mapiritsi masana.

Pa za mwana wa khansa yochizika, tinatsutsana mpaka tinaona magetsi a ku Kenora. Ine ndinati zikafika poti makolo akaniratu, khoti lilowererepo, mwana alandire chemo, kaya ndi wa mtundu wanji. Iwo anati m'zaka zawo zonse aona kuti banja limene laopsezedwa ndi apolisi silibweranso ndi mwana wachiwiri akadwala, ndipo ana amenewo palibe amawawerenga.